Thandizeni abale: antibody yoyezera ATGL mu mafuta a mbuzi, ndigule iti?

Mwana wa ku Domwe

Moni nonse a m'gulu muno. Ine ndi mwana wasukulu, ndili chaka chomaliza cha maphunziro a ziweto kuno ku Ulongwe ndipo yafika nthawi yolemba monografia, lipoti la kafukufuku lomalizira maphunziro, nde mutu wanga wachokera kumudzi kwenikweni. Amayi anga aakulu anakwatiwa ku Changara, amaweta mbuzi, ukapita mu Meyi umazipeza zonona ubweya wosalala, koma ukabwerera mu Okutobala kapena Novembala dzuwa likuswa mtengo msipu utauma, mbuzi zomwezija nthiti zimachita kuwerengeka. Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi za bere makamaka za mapasa, zimangogona pansi osafuna kudzuka, kukana kudya, kenako kufa ndi ana m'mimba. Chaka chatha anataya ziwiri. Imodzi ndinalipo tikuisenda, mafuta aja amakuta impso munalibe, munangotsala zinthu zamadzimadzi zonanda, chiwindi chotuwa chachikasu chofewa, ndipo amayi anangokhala pa mphasa osayankhula poti mbuzi ija ndi yomwe amawerengera pa fizi ya mwana.

Aphunzitsi anga anandiuza kuti pali enzayimu yotchedwa ATGL imene imayamba ntchito yophwanya mafuta osungidwa m'thupi nyama ikakhala pa njala. Ndikufuna ndifananize mafuta a mbuzi zophedwa mu Meyi ndi za mu Novembala pochita western blot, njira ya mu labu yoonetsa kuchuluka kwa puloteni ngati mzere, ndione ngati ATGL imachuluka nthawi ya chilimwe. Vuto ndi antibody, ija ku sukulu timati anticorpo, yomwe imamatirira pa puloteni yomwe ukuifuna kuti uipeze. Ndafufuza pa intaneti zilipo zambirimbiri, mitengo yake madola mazana angapo pa kabotolo kamodzi kochepetsetsa, ndipo pafupifupi zonse zalembedwa human, mouse, rat basi. Ndapeza imodzi yolembedwa goat ndipo ndiyotsikirako mtengo, mtima wanga wagwera pamenepo. Ndalama zomwe ndapatsidwa zikukwana kabotolo kamodzi, ndikalakwitsa palibenso kubwereza. Amene munagwirapo ntchito imeneyi ndiuzeni ndisanatumize ndalama chonde.

Mayi wa mu labu, Tete

Mwana wanga ima kaye, usatumize ndalama. Bwerera pa tsamba lija uwerenge bwino mawu oti goat alembedwa pati. Pamakhala malo awiri, pena amalemba host, pena reactivity. Host ndi nyama yomwe anaibaya kuti ipange antibody ija, reactivity ndi nyama zomwe antibody imatha kuzindikira puloteni yake. Ndikukayika kwambiri kuti yakoyo goat ili pa host, kutanthauza kuti inapangidwa m'thupi mwa mbuzi, ndipo kwa iwe amene ukuyeza mbuzi imeneyo ndiye yoyipitsitsa pa zonse.

Ndikufotokozere chifukwa chake. Pa western blot antibody yoyamba imakamatirira pa ATGL koma payokha siioneka, timathiranso yachiwiri yomwe imagwira yoyamba ija n'kupangitsa kuti mzere uoneke. Ngati yoyamba ndi ya mbuzi, yachiwiri iyenera kukhala yogwira ma antibody a mbuzi, nthawi zambiri imapangidwa mwa bulu. Tsono mafuta ako uwatenga mwa mbuzi, muli timagazi, ndipo m'magazimo muli ma antibody a mbuziyo eni ake odzadza. Yachiwiri ija siisankha, igwira onsewo. Ndiye tamvera apa, chidutswa chachikulu cha antibody, heavy chain, chimakhala cha pa 50 kDa, muyeso wa kukula kwa puloteni, ATGL imatuluka cha pa 54 kapena 55. Zimayandikana moti udzaona mzere wakuda bii pamalo pomwe umayembekezera, udzasangalala, udzalemba monografia yonse, pomwe ukuyeza magazi otsalira mu nyama. Ine zinandichitikirapo pa puloteni ina ndili wophunzira, miyezi itatu inapita pachabe ndipo mpaka lero ndikakumbukira mtima umandipweteka.

Tenga yopangidwa mwa kalulu. Yachiwiri yake ikhale yogwira kalulu, olo itakhala kuti inapangidwa mwa mbuzi palibe vuto poti iyo ikusaka kalulu basi.

Pa nkhani yoti sanalembe mbuzi pa reactivity, sizitanthauza kuti siigwira, kawirikawiri ndi kuti sanayese. Lembera kampaniyo uwafunse kuti anagwiritsa ntchito chigawo chiti cha puloteni popanga, amati immunogen, kenako upite pa masamba a pa intaneti a NCBI kapena UniProt usake jini ya ATGL yotchedwa PNPLA2 ya mbuzi, Capra hircus, ufananize ndi chigawo chija pa pulogalamu ya BLAST, n'zaulere. Zikafanana kwambiri mwayi ulipo. Ngati pa reactivity alembapo bovine kapena sheep ndiye bwino kwambiri poti ng'ombe, nkhosa ndi mbuzi ndi pachibale. Ufunsenso ngati amagulitsa kabotolo koyesera ka 10 kapena 20 microlita, makampani ena amatero.

Bambo a pa Zobwe

Pepani akuluakulu ndalowerera nkhani ya ophunzira, ine ndimayendetsa galimoto ya katundu njira ya Blantyre, mimba yakula ndipo kuchipatala anandiuza kuti shuga wayamba kukwera. Ndikamva mukuti chinthu chophwanya mafuta ndiye ndafuna ndidziwe, mankhwala mukukambawa munthu angabayitse kuti mafuta a pamimba athe? Ngati alipo ndiuzeni poti nkhawa ndili nayo, ana anga akadali aang'ono.

Mngoni ali ku Porto

Ndiyambe ndi inu bambo a pa Zobwe poti funso lanu ndi la moyo. Ayi, musayese ndipo wina akadzakugulitsani chinthu chotere mukane. Ma antibody awa si mankhwala, pa botolo pamalembedwa kuti ndi a kafukufuku basi, ntchito yawo ndi kuloza pomwe pali puloteni ngati mmene galu wosaka amalozera pa una, sasungunula mafuta. Komanso enzayimu imeneyi muli nayo kale m'thupi mwanu, imagwira ntchito usiku uliwonse mukagona osadya ndi pomwe mukuyenda mtunda kapena kulima. Imene imaimitsa ntchitoyo ndi insulin, yomwe imakwera mukadya nsima yambiri, buledi, zakumwa zotsekemera. Ndipo mafuta akamaphwanyika mopyola muyeso si zabwinonso, amadzadza m'magazi n'kukaunjikana m'chiwindi ndi m'minofu, shuga n'kumavutiravutira. Pitirizani ndi kuchipatala komwe anakuyezaniko, muchepetse zotsekemera za panjira, mukaima pa boda kudikira mapepala muziyendayenda m'malo mokhala mu kabini.

Tsopano achimwene a ku Domwe. Zomwe anena mayi athu pamwambapa ndi zoona zonse, musunge. Ine ndikuchita dokotolado, digiri ya PhD, kuno ku Portugal pa maselo a mafuta ndipo ATGL ndimakumana nayo sabata iliyonse, nde ndiwonjezere pang'ono, mundipirire ndilemba zambiri.

Mafuta osungidwa ndi triglyceride, ganizirani kamtengo ka glycerol komwe pamangiriridwa zingwe zitatu za fatty acid. Kumasula kwake ndi ntchito ya ma enzayimu atatu. ATGL imadula chingwe choyamba, HSL imadula chachiwiri, MGL imamaliza chachitatu, kenako glycerol ndi ma fatty acid amalowa m'magazi. Kwa zaka pafupifupi 40 kuyambira m'ma 1960 anthu ankakhulupirira kuti HSL ndiye mwini ntchito yonse. Chomwe chinawadabwitsa, m'chaka cha 2000 atapanga mbewa zopanda HSL, mbewazo sizinanenepe monga ankayembekezera, mafuta ankaphwanyikabe, ndiye anadziwa kuti pali wina amene akugwira ntchito mobisika. Mu 2004 magulu atatu anaipeza payekhapayekha, la Rudolf Zechner ku Graz m'dziko la Austria ndi lomwe linapereka dzina la ATGL, la Hei Sook Sul ku Berkeley linaitcha desnutrin, lina la ku St. Louis linaitcha iPLA2-zeta. Ndikunena izi osati kungokamba mbiri ayi, koma kuti posaka antibody mulembe mayina onsewa pamodzi ndi PNPLA2, apo ayi muphonya zina zabwino. ATGL ya munthu ili ndi ma amino acid 504, ya mbewa 486.

Mu 2006 a ku Graz aja anapanga mbewa zopanda ATGL, mafuta anadzadza mu mtima mpaka mbewa zinkafa msanga. Kwa anthunso alipo matenda osowa kwambiri obwera jini imeneyi ikawonongeka, mafuta amaunjikana m'minofu ndi mu mtima, ndipo ukayang'ana magazi pa maikulosikopu umaona timadontho ta mafuta mkati mwa maselo oyera. Mu 2011 anaonetsanso kuti mbewa za khansa zopanda ATGL sizinkaonda monga zinzake. Choncho funso lanu la mbuzi zowonda silopepuka, lili pa mzere womwewo.

Koma apa ndi pomwe ndikufuna mumvetse. Western blot ikuuzani kuchuluka kwa ATGL, siikuuzani ngati ikugwira ntchito. Makasu atha kudzadza nyumba koma kumunda osalimidwa. ATGL imadzuka mwamphamvu pokhapokha mnzake wotchedwa CGI-58, ena amati ABHD5, akaigwira, ndipo CGI-58 nthawi yamtendere amakhala atamangidwa ndi perilipin 1, puloteni yomwe imakuta dontho la mafuta. Adrenaline, homoni ya mantha, ikabwera, enzayimu yotchedwa PKA imaika phosphate pa perilipin, CGI-58 amamasuka n'kupita kwa ATGL. Palinso G0S2 yemwe ntchito yake ndi kuitsekereza. Ndiye mutha kupeza mzere wa Meyi ndi wa Novembala uli chimodzimodzi pomwe mkati zinthu zasiyana kutalitali. Ndichifukwa chake ambiri amayezanso HSL yomwe yaikidwa phosphate, chizindikiro choti yadzuka, pa malo otchedwa Ser563 kapena Ser660, manambalawa amawerengera pa khoswe, imatuluka cha pa 84 kDa. Koma imeneyo ndi antibody ina, ndalama zina, ndipo imafunanso ya HSL yonse kuti mufananize.

Chomaliza, musakhulupirire chithunzi cha pa tsamba la ogulitsa. Kuli gulu ku Montreal lotchedwa YCharOS lomwe limayesa ma antibody a pamsika pogwiritsa ntchito maselo omwe jini yachotsedwa, mu 2023 anasindikiza zotsatira za ma antibody opitirira 600 ndipo oposa theka analephera pa ntchito imodzi kapena zingapo zomwe amayenera kugwira. Anapezanso kuti ma recombinant, opangidwa mu labu kuchokera ku jini yodziwika, amachita bwino kuposa enawo. Nde sakani yomwe alemba kuti inayesedwa pa knockout, pomwe mzere umasowa jini ikachotsedwa. Kwa mbuzi ndingakulangizeni polyclonal ya kalulu ngati immunogen yake ndi chigawo chachitali, poti imagwira malo angapo, pena pakasiyana ndi munthu pena pagwirabe, pomwe monoclonal imagwira malo amodzi okha, akasiyana basi mwataya. Koma BLAST ikaonetsa kuti malo a monoclonal aja ndi ofanana ndendende, tengani imeneyo, imatulutsa mzere woyera.

Wa ziweto ku Furancungo

Ine sindinaphunzire mpaka kumeneko koma zaka zanga zambiri ndathera m'makola, nde ndilankhule za kumudzi. Mwana wa ku Domwe, zomwe unaona kwa amayi ako aakulu ife timazidziwa, toxemia ya bere, imagwira masabata omaliza mbuzi isanaswe makamaka ya mapasa kapena atatu. Ana akukula akufuna shuga wambiri, mimba yadzadza ana moti mayi sangadye zokwanira, msipu kulibe, thupi limayamba kuthyola mafuta mwaliwiro, chiwindi chimalephera kuwamaliza n'kupanga ma ketone, ndicho chifukwa chinali chachikasu. Ukanunkhiza mkamwa mwake pamamveka kafungo ngati ka mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo.

Ine maganizo anga ndi osiyana pang'ono ndi anzangawa. Ndi ndalama za kabotolo kamodziko ungagule kamakina koyezera ketone m'magazi, kofanana ndi ka anthu a shuga, ndi timapepala take tambiri, n'kuyeza ketone yotchedwa BHB mbuzi zambiri zili moyo, dontho limodzi la magazi basi, mwezi ndi mwezi kuyambira Meyi mpaka mvula itagwa, uku ukupapasa msana ndi pachifuwa kulemba kunenepa kwake. Zimenezo zingauze mlimi mwezi woti ayambe kupatsa gaga, masangwe a mtedza ndi nyemba za mitengo zomwe anasunga. Western blot siingamuuze.

Koma ngati aphunzitsi akufunadi ya mu labu, samala katengedwe ka mafuta. Uyo wa ku Porto wanena kuti adrenaline ndi imene imadzutsa zinthu, tsono ganiza mbuzi ya pamsika mmene imafikira. Yamangidwa miyendo pa njinga kuchokera kumudzi, yagona ndi njala, yakhala padzuwa tsiku lonse ikulira, ena aikweza pamwamba pa shapa, minibasi ija. Pofika pa mpeni thupi lonse lili pa nkhondo, kaya ndi Meyi kaya ndi Novembala. Ukatenga mafuta a mbuzi yotere ukuyeza mantha a ulendo. Gwirizana ndi alimi omwe akupha pakhomo m'mamawa, ulembe msinkhu, yaimuna kapena yaikazi, yofula kapena ayi, ndipo utenge malo amodzi nthawi zonse, ngati ndi a pa impso akhale a pa impso mbuzi zonse, osasakaniza ndi okuta matumbo kapena a pansi pa chikopa. Ndipo ku Changara mu Novembala kutentha kumapyola madigiri 40, nyama ikakhala mphindi zochepa panja yayamba kale kusintha.

Mwana wa ku Domwe

Zikomo kwambiri nonse, Mulungu akudalitseni. Mayi, ndabwerera pa tsamba lija ndipo munanena zoona, goat ili pa host, pa reactivity pali human yokha. Thukuta linandituluka nditaona poti mawa lomweli ndimafuna ndikapereke pepala la malipiro. Ndapeza ziwiri za kalulu, imodzi alembapo bovine, ndawalembera kale kufunsa immunogen.

Akulu a ku Furancungo mawu anu andigwira mtima chifukwa amayi anga aakulu sadzawerenga blot, chomwe akufuna ndi chakuti mbuzi zisafe. Ndakambirana ndi aphunzitsi pa foni, agwirizana nazo kuti msana wa ntchito ukhale BHB ndi kunenepa kwa mbuzi zamoyo, western ya ATGL ibwere ngati gawo laling'ono pa mbuzi zochepa, za phosphate tazisiya poti ndalama sizikwana komanso ndi mantha a mbuzi aja sitingazikhulupirire. Achimwene a ku Porto, pa nkhani ya ntchito ya enzayimu aphunzitsi akuti mwina tiyeze glycerol m'magazi, mukuona bwanji?

Funso lina kwa mayi, antibody ikafika ndiisunge bwanji poti kuno magetsi amatha kuthima usiku wonse, nanga mafuta ndiwanyamule bwanji kuchokera ku Changara?

Mngoni ali ku Porto

Glycerol ndi nzeru yabwino achimwene, maselo a mafuta sabwezanso glycerol wambiri mkati nde akatuluka amaonetsa kuti kuphwanya kwachitikadi. Mukapeza kit yoyezera NEFA, ma fatty acid a m'magazi, muwonjezere. Ndipo pa gel ya western blot musaiwale kuika mafuta a mbewa pambali ngati umboni woti antibody ili moyo, mukaona mzere pa mbewa koma pa mbuzi palibe mudziwa kuti vuto ndi mtundu wa nyama osati manja anu.

Mayi wa mu labu, Tete

Wachita bwino mwana wanga. Pa kasungidwe tsatira pepala lobwera ndi botolo, zambiri zimafuna kuzizira kwa madigiri -20 ndipo zimabwera zosakaniza ndi glycerol kuti zisaume gwa. Chomwe chimapha antibody ndi kuuma n'kusungunuka, kuuma n'kusungunuka. Ngati yako ilibe glycerol, tsiku lomwe yafika uigawe m'timachubu ting'onoting'ono toti kamodzi ukatsegula kathere pompo. Uike mkati mwenimweni mwa firiji osati pa chitseko, uzungulize ndi mabotolo a madzi oundana, magetsi akathima usatsegule kuti uone ngati zili bwino, kutsegulako ndiye kuononga. Poitanitsa uonetsetse kuti mapepala a alfândega, a kasitomu, akonzedwa katundu asananyamuke, phukusi likakhala masiku pa kutentha kwa kuno ayisi wa mkati amatha, ndipo ulipewe kuti lifike Lachisanu kapena nthawi ya tchuthi cha Disembala.

Mafuta ukangodula uwatsuke ndi saline wozizira kuchotsa magazi, tidutswa tating'ono ngati njere ya chimanga, m'chubu, pa ayisi nthawi yomweyo. Nayitirojeni wamadzi ndiye wabwino koposa, funsa anthu obereketsa ng'ombe ndi umuna wozizira poti amakhala ndi mtsuko wake. Kusunga miyezi kumafuna -80, ndipo za Meyi ndi za Novembala uziyendetse pa gel imodzi tsiku limodzi, osati padera. Ukaganiza zokachitira ku Lilongwe poti ndi kufupi ndi Ulongwe kuposa Maputo, uyambiretu za chilolezo, nyama ya chiweto siiwoloka malire popanda mapepala a zaumoyo wa ziweto.

Pogaya uthire mankhwala oletsa ma protease, ma enzayimu owononga puloteni, ukazungulitsa pa centrifuge yozizira udzaona magawo atatu, pamwamba chikhungu choyera cha mafuta ngati mafuta a nyama akazizira mu mphika, pansi zinyalala, pakati madzi oyera. Ufuna apakatiwo. Ulowetse singano pambali pa chubu modutsa chikhungucho pang'onopang'ono, ukoke, uzungulitsenso kachiwiri, mafuta akatsalira amasokoneza muyeso wa puloteni ndipo mizere imatuluka yokhotakhota. Uyendetsenso kachidutswa kamodzi ka membrane, pepala lomwe mizere imaonekerapo, ndi antibody yachiwiri yokha popanda yoyamba, pakatuluka mzere pamenepo undiuze tisanapite patsogolo. Ukamabwera ku Tete popita ku Changara undilembere ku inbox, ndili ndi cooler box yomwe sindikuigwiritsa ntchito mwezi uno ndi ma ice pack asanu ndi limodzi, udzangobweza ukamaliza.